Mlomo Wanga pa Nkhope ya Isake

1

Ndine Efulemu, wa kufupi ndi Mitundu. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, ndiye amene mukufuna Chichewa chothira mafuta tsegulani tsamba lina. Ine ndabwera kudzalavula chinthu chimene chinandikhala pakhosi zaka makumi atatu.

Isake anali msuweni wanga. Bambo anga ndi mayi ake anali a bere limodzi. Iye anali mkulu wa mpingo, wa jekete ndi Baibulo la zipi, munthu woti akamadutsa amayi ankameza miseche. Ine ndinali wa fodya wopichira m'pepala, wa ndevu zofika pachifuwa, amene ana ankamuloza kuti gojo uyo, wosabereka. Atamwalira chaka chatha kuchipatala ku Nkhoma, anthu analira ngati kwagwa mngelo. Ine sindinalire. Ndinagwira ntchito ya msuweni. Ndinavala chipewa chake, n'kupachika jekete lake pamapewa, n'kumayenda pakati pa olira ndikukoka mwendo monga ankaukokera iye, ndikutsokomola katsokomoledwe kake ka paguwa. Anamfedwa anaseka misozi ili m'masaya. Kwathu kuno msuweni pamaliro sapalamula. Anyoze mtembo, afunsire namfedwa, zonse amati n'zopepesa mitima.

Zimenezi muzisunge. Ine ndinaziiwala.

Isake anasiya mkazi, Felesiya wa ku Nathenje, ndi mwana mmodzi yekha, Rute. Anasiyanso mlongo wake Edith, mayi wa pakamwa ngati chikwakwa. Manda ali kwa Edith, pakuti Isake anamubweza kwawo kwa mayi ake. Itafika nthawi yokambirana za chiliza, Edith anamenya pansi ndi chikhatho pamaso pa abale onse.

"Chilizacho mangani. Koma mawu akuti 'Bambo wa Rute' ine ndili moyo salembedwa pamwala. Achimwene anakhala pabanja zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale padera sipanaoneke. Kenako mwana uyu, basi kutseka. Mphuno si yathu, maso si athu. Ndi wa ndani? Tisanamize akufa."

Felesiya anangoyang'ana zala za kumapazi. Mmisiri anauzidwa kuti pansi pa dzina asiye poyera.

Ine ndinakhala kumbuyo ndikusisita ndevu zanga, mtima uli myaa. Ndinadziwa kuti tsiku lovundukula chilizacho ndilo tsiku langa, loti woyera mtima uja ndimuvule jekete pamaso pa mpingo wake.

2

Patatha mwezi, Rute anandipeza ndikusoka thumba pakhonde. Anabwera pa kagalimoto kake kofiira, atavala buluku ngati mnyamata. Amagwira ntchito ku Lilongwe, yopanga zidole zoyenda pa kanema.

"Ankolo, muli bwanji?"

Ankolo. Mawu a m'tauni, opanda fupa. Ndinamulozera mpando.

"Ndabwera kudzabwereka nkhope yanu," anatero.

"Yako yatha?"

Anaseka. "Ndikufuna pa tsiku la chiliza anthu adzawaonenso adadi akuyankhula. Mawu awo ndili nawo, ananditumizira pa foni ali kuchipatala. Mutu wawo ndaumba kale mu kompyuta kuchokera pa zithunzi zinayi, cha ukwati, cha pa chiphaso ndi ziwiri za kutchalitchi. Koma waima ngati chidole cha m'sitolo. Pakufunika munthu wamoyo woti ndimujambule akuyankhula. Kompyuta idzatola mmene zikope, masaya ndi milomo yake ikuyendera, n'kuzisamutsira pa nkhope ya adadi."

"Kale timati ufiti umenewo. Kudzutsa wakufa kuti akugwirire ntchito."

"Ufiti wake ndi wa sukulu, ankolo."

"Bwanji osajambula yako?"

"Ndayesa. Akuoneka ngati mtsikana wavala nkhope ya nkhalamba. Pakufunika munthu wamkulu, wodziwa mmene ankapumira, mmene ankaphethirira. Pamaliro paja munawatengera ndendende, mpaka ndinachita mantha. Koma pali ziwiri. Choyamba, asadziwe munthu kuti ndinu. Chachiwiri, ndevuzo zichoke. Kompyuta siona milomo m'tchire."

Dzanja langa linaima pa singano. Lumo linali lisanandikhudze kuchibwano zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mwanayu sankadziwa chimene akupempha. Ndinayang'ana kumwamba, ndinati mumtima: Isake, wamva? Si ine ndayamba. Ndi mwana wako wophunzira.

"Loweruka ndibwera," ndinatero.

3

Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Nathenje, n'kumetetsa pa kabenchi ka m'mbali mwa msewu. Wometayo anachita kuyamba ndi sizasi. Atandipatsa galasi ndinaona nkhalamba yachilendo, chibwano chotuwa ngati mbatata yosenda. Ndinayesa kumwetulira. Mlomo wam'mwamba unakwera mbali ya kumanzere yokha, n'kuonetsa dzino limodzi. Unali ukadalipo.

Felesiya anali akupeta mtedza pabwalo. Atandiona, lichero linapendekeka, mtedza n'kumwazika.

"A Efulemu, ndevu zija mwazitani?"

"Funsani mwana wanu, alamu."

M'chipinda chochezera Rute anali ataimika foni pa kamtengo ka miyendo itatu, nyali yoyera pambali pake, masanasana. Anandikhazika pampando wa Isake. Pa galasi la kompyuta panaoneka nkhope yanga, ndipo mwadzidzidzi inamera timadontho tobiriwira, pa nsidze, pa mphuno, kuzungulira pakamwa, ngati nsabwe za pa ndiwo. Pambali pake panali Isake. Dazi lake, makutu ake otambalala, kachipsera ka pachipumi. Anangoti tuzu ngati nsomba ya pamsika.

"Taphethirani."

Ndinaphethira. Isake anaphethira. Ndinakweza nsidze, naye anakweza. Ndinatulutsa lilime.

"Ankolo!"

"Ndimafuna ndione ngati mkulu wa mpingo ali nalo."

Kenako anatsegula mawu aja. Ndinayembekezera ulaliki, koma zinali zopanda mchere, monga mwini wake: "Rute, mwana wanga, usavutike kubwera lero, mvula yachuluka. Ine ndili bwino, adokotala andiona. Udye, paja iwe ukakhala pa kompyuta umaiwala kudya. Ndimakunyadira, mwana wanga."

Ntchito yanga inali yoyendetsa milomo motsatira mawuwo. Ine kutafuna, iye kuyankhula. Tinayesa kasanu, kakhumi. Pena ndinkatsogola, pena ndinkatsalira.

"Nkhope yanu ikuuma," anatero Rute. "Musayang'ane foni. Yang'anani ine. Muyese ngati mukuuza ineyo."

Anagwada kuseri kwa kamtengo kaja, maso ake pa ine. Mawu anayambanso. Nditafika pa "mwana wanga" womaliza, ndinausiya mlomo uja kuti ukwere. Ndinachita dala. Isake ankaseka mano onse pamtunda ngati wotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa, kumwetulira kokhota sanakudziwepo. Ndinati anthu akadzaona woyera wawo akumwetulira ndi mlomo wa Efulemu, adzayamba kufunsana okha, ine n'kungomalizitsa.

Rute anayang'ana pa galasi nthawi yaitali.

"Imeneyi ndiye yabwino," anatero motsitsa mawu.

Ndinati mumtima, sukulu yonseyi, koma chitsiru.

4

Ndikutuluka, Felesiya anandidikira kuseri kwa nkhokwe.

"Munalumbira," ananong'ona.

"Ndinalumbira kwa wamoyo. Ali kuti?"

"Mukufuna chiyani kwa mwanayu? Wakulakwirani chiyani?"

"Iye palibe. Koma ine ndatopa kutchedwa dzina la munthu wina."

"Ndevuzo zisiyeni zimere, chonde. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi, zikhala zitaphimba."

Ndinamuyang'ana. Mayi wa chigwirizano, wa duku loyera, wophunzitsa atsikana mwambo. Anthu a Mulungu awa akafuna kubisa chinthu amagwada bwino kuposa akamapemphera.

"Ndamva, alamu," ndinatero. Pobwerera ndinagula malezala atatu pa okala.

5

Tsopano imvani chimene ndinachisunga.

Chaka chachisanu ndi chiwiri cha banja lake, Isake anandipeza kudimba dzuwa lili paliwombo. Anavula chipewa, munthu amene sankandivulira. Anati, "Msuweni, ine ndinagwa m'papaya. Kuchipatala andiuza, vuto si Felesiya. Abale ake ayamba kumuuza kuti andisiye." Analira ngati mwana. Anapempha zimene makolo ankachita mwakachetechete nyumba ikazizira, kulowetsa fisi, mwamuna wina wobereka m'malo mwa mwini nyumba. Kumpingo akanamva, akanamudula tsiku lomwelo. Anasankha ine kuti magazi akhale apafupi, mwana asadzaoneke mlendo. Felesiya anavomera akulira. Tinadziwa atatu basi. Ndinalumbira kuti ndidzapita nazo kumanda.

Rute anabadwa. Isake anayenda chifuwa patsogolo, anthu akumugwira chanza. Mwanayo atafika zaka zinayi, tsiku lina anandimwetulira, kamlomo n'kukwera kumanzere. Isake anaona. Anandiperekeza mpaka kumsewu, nati, "Msuweni, lumo ulisiye." Ndinalisiya.

Koma Mulungu wa Isake ali ndi nthabwala zake. Mkazi wanga Jenipher sanaimepo ngakhale kamodzi. Titakhala zaka khumi anandisiya, nauza mudzi wonse kuti vuto ndine. Kuyambira pamenepo ndinakhala gojo. Pa mowa, pamaliro, pamsika wa Mitundu, "Gojo wafika." Umboni wanga unkadutsa pamsewu utavala yunifolomu ya sukulu, utakwera pa keliyala ya njinga ya Isake, ine pakamwa potseka ndi ndevu. Gojo weniweni ankadalitsa maukwati a anthu paguwa, n'kumawapempherera mphatso ya ana. Sanatsegulepo pakamwa kundiikira kumbuyo. Ankangondipatsa moni waulemu, ndi kunditumizira shuga pa Khirisimasi.

Ndiye musandifunse chifukwa chake sindinalire.

6

Tsikulo linafika mu Okutobala, kukutentha. Ndinadzimeta m'mawa mpaka kudzicheka. Ndinakulunga kansalu kukamwa ngati wodwala chimfine kuti asandione msanga.

Kumanda abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa. Mwala wakuda wonyezimira, dzina la Isake, masiku ake, pansi pake poyera. Anthu anaona poyerapo n'kumagwirana zigongono. Edith anaima atapinda manja ngati wapambana mlandu.

Titabwerera kunyumba kwa Edith, Rute anatilowetsa mu tenti. Anali ataika kanema wamkulu patebulo, jenereta ikulira kuseri kwa khola. Anangoti, "Adadi ali ndi mawu," n'kuima pambali pa kanemayo.

Isake anatuluka pa galasi. Anaphethira. Anapuma, mapewa n'kukwera pang'ono. Mayi wina anakuwa n'kuthawira kunja, ena anagwira pakamwa. "Rute, mwana wanga, usavutike kubwera lero..." Tenti yonse inasungunuka. Amuna akuluakulu, a jekete, kulira ndi chidole! Ine ndinkaona zikope zanga, kupuma kwanga, kameza kanga ka malovu, zonse zitavala khungu la Isake.

"Ndimakunyadira, mwana wanga."

Mlomo unakwera kumanzere, dzino limodzi poyera. Chithunzi chinaima pomwepo. Ndinayamba kumasula kansalu kanga, ndikudikira kuti wina anene kuti Isake sankaseka choncho.

Koma pambali pa kanemayo panali Rute, misozi ili chuchuchu, akumwetulira bambo ake. Mlomo wake utakwera kumanzere, dzino limodzi poyera.

"Taonani mlomo!" anakuwa mayi wina wa kwaya. "Mayo ine, taonani mlomowo!"

Edith anadzuka pang'onopang'ono. Anapita kutsogolo, anamugwira Rute chibwano, n'kumutembenuzira ku galasi. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Munthu amene anakula ndi Isake m'nyumba imodzi, amene anamuona akuseka zaka makumi asanu ndi limodzi, anagwada pansi pamaso pa kanema.

"Achimwene, ndikhululukireni! Ndinali wakhungu ine. Mwanayu mwachita kulavula!"

Apo m'pamene ndinazindikira kupusa kwanga. Mlomo wanga palibe ankaukumbukira. Ndinaukwirira ndekha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Umene anthu ankaudziwa unali wa Rute, ndipo ine ndi nkhope yangayi ndinali nditaupereka kwa Isake.

Ndinaimirira, ndinataya kansalu kaja.

"Bodza! Isake sanasekepo choncho! Nkhope yayenda apoyo ndi yanga, mlomowo ndi uwu! Isake anali gojo. Rute ndi mwana wanga, ndinabala ndine!"

Ndinamva jenereta yokha. Ndinaona abusa akutsegula pakamwa.

Kenako mdala wina kumbuyo anaphulika. "Wayambapo msuweni!"

Tenti yonse inagwa ndi phwete. Nthungululu zinalira. "Gojo wabala lero!" "Wachita kumeta kuti afanane naye!" Edith, misozi isanaume, anandiloza akuseka. "Koma taonani, nayenso ali nawodi! Ndiye ndi wa kumtundu mlomowu, wa agogo athu. A Efulemu, mumaubisiranji m'tchire muja?"

"Sindikuseka ine! Mufunseni Felesiya!"

Onse anatembenukira kwa namfedwa. Felesiya anadzuka, anakonza chitenje chake. Anandiyang'ana m'maso.

"Eya, amuna anga," anatero mokweza. "Mwachedwa kubwera. Matewera a mwana wanuyu ndinakusungirani, mukachape mukatha kudya."

Anthu anagubuduka. Wina anandiveka chipewa cha Isake kumutu. Ndinakuwa, ndinalumbira, ndinatchula dimba ndi chaka. Ndikamakuwa kwambiri, iwo ankaseka kwambiri. Abusa anandisisita paphewa, nati, "Mwatipepesa mitima, bambo. Mphatso imeneyi musaitaye."

Madzulo asanafike, Edith anatuma munthu kukaitana mmisiri.

7

Ndinamupeza Rute akulongedza zingwe zake m'galimoto, anthu ali kudya.

"Wandibera," ndinatero.

"Munabwera nokha, ankolo. Pa njinga yamoto."

"Sukudziwa chimene wachita."

Anatseka chitseko cha kumbuyo, n'kutsamira galimotoyo. "Paja ndinakuuzani kuti ndinayamba ndajambula nkhope yanga. Kompyuta imasunga njira imene kadontho kalikonse kayenda. Tsiku lija mutapita, ndinaika mizere ya mlomo wanu pamwamba pa ya wanga. Inalowana ngati mbale za seti imodzi. Ndinawafunsa amayi. Analira, kenako anandiuza zonse."

"Ndiye wakhala ukudziwa milungu yonseyi?"

"Mlomowo ndikanatha kuuwongola ndi chala chimodzi. Ndinausiya dala."

"Wanamiza anthu. Wanamiza azakhali ako."

"Mawu amene amva ndi a adadi. Anawanena okha, akudziwa zonse, kutatsala masiku awiri kuti afe. Bodza lili pati?" Anandiyang'ana osaphethira. "Ndinakudikirani, mukudziwa? Ndinati mwina mubwera pakhomo, mundiitanire pambali, mundiuze ngati munthu. Mpando ndikanakupatsani. Mwina n'kadzina komwe. Inu munasankha tenti, kuti amayi anga agwe pamaso pa mpingo. Simumafuna mwana inu. Mumafuna mboni."

Anatsegula chitseko cha kutsogolo.

"Tsalani bwino, ankolo."

Anamwetulira pang'ono polowa m'galimoto. Mukudziwa kale mbali imene mlomo unakwera.

8

Pamwala paja tsopano palembedwa, zilembo zoyera zakuya: Bambo wa Rute. Ndimadutsapo popita kudimba. Kanema uja anamwazika m'mafoni, ndipo amayi a ku Mitundu amaonetsana pa chigayo. Ena ayamba kale kukumbukira kuti Isake ankamwetulira chomwecho kuyambira ali mnyamata. Wina anandilumbirira kuti anamuona akutero pa ukwati wake. Anthu! Kuwaonetsa galasi lowala, amataya maso awo n'kubwereka a makina.

Inu owerenga, ndikudziwa mukudikira kuti ndinene kuti ndalapa, kuti mutseke magaziniyi mitima ili mbee. Pepani. Amene mukundiweruza, pitani kaye mukayang'anitsitse milomo ya ana anu, ndi ndevu za asuweni anu. Chimene ndingakuuzeni n'chimodzi. Ngati muli ndi choonadi chimene mwachisunga mpaka chawola, musadikire tsiku la anthu ambiri. Ine ndinanena zoona kamodzi kokha m'moyo wanga, pamaso pa anthu mazana awiri, ndipo anandiombera m'manja.

Ndevu zayambanso kumera. Palibe wandiuza kuti ndizisunge. Malezala awiri otsala aja ali pawindo, achita dzimbiri.